Kuphunzitsa za anamgumi ndi chingwe cha khonje

Ana ambiri kuno ku Angónia sanaionepo nyanja yamchere, koma za mvuu za mu Zambezi ndi ku Cahora Bassa amazidziwa. Aphunzitsi anzanga, yambirani pomwepo. Mwa nyama zonse zimene zilipo lero, m'bale wapafupi wa namgumi ndi mvuu. Musanene kuti namgumi anachokera ku mvuu, ayi. Kholo lawo ndi limodzi, basi.

Pezani chingwe cha khonje cha mamita 5 ndi mapu a dziko lonse, mutuluke nawo ana pabwalo. Mita imodzi ikhale zaka 10 miliyoni. Mangani nsonga imodzi pamtengo, pamenepo ndiye lero.

Kunsonga inayo imikani mwana woimira Pakicetus, nyama ya miyendo inayi, msinkhu wa galu wamkulu, imene mafupa ake anafukulidwa ku Pakistan. Chimene chinaulula mtundu wake ndi fupa la khutu, lomwe mapangidwe ake amapezeka mwa anamgumi okha. Pafupi naye paime Ambulocetus, yomwe inkatha kuyenda ndi kusambira komwe.

Pa mamita 4 mangani mfundo, ndipo apa musafulumire. Ku Wadi Al-Hitan, m'chipululu cha Egypt, mafupa a anamgumi akale otchedwa Basilosaurus ndi Dorudon ali mbwee pamchenga. Nyamazi zinali zitasamukiratu m'madzi, komabe zinali ndi timiyendo takumbuyo, ta maondo ndi zala, tosatha kunyamula thupi. Afunseni ana kuti namgumi anafika bwanji m'chipululu. Asiyeni atsutsane kaye. Kenako aonetseni pamapu pakati pa Africa ndi Asia, pamene panali nyanja yosaya ya madzi ofunda yotchedwa Tethys, imene inatsekeka maiko atagundana.

Mfundo yotsatira ikhale pa mamita 3 ndi masentimita 40. Kwa ine phunziro lonse lagona pamenepa. Chapanthawiyi Antarctica anali kupatukana ndi Australia ndi South America, madzi ozizira nayamba kumuzungulira, chakudya nkuchuluka. Anamgumi a masiku ano, a mano ndi osefa chakudya m'madzi, anayamba kufalikira nthawi yomweyo. Nchifukwa chake anamgumi a humpback amakadyera ku Antarctica tinkhanu ta krill, koma kubereka amadzaberekera m'madzi ofunda a ku Tofo ndi Bazaruto, m'chigawo cha Inhambane, kuyambira cha mu June mpaka October. Kunoko sadya kwenikweni, amakhalira mafuta a m'thupi.

A foca, nyama za m'nyanja za ubweya zimene zimadzapumira pagombe, ndi a banja lina, abale a zimbalangondo ndi akatumbu, ndipo analowa m'madzi mochedwa. Mangani mfundo yawo kupitirira pang'ono mamita 2. Iyi ndi ya Puijila, m'bale wakale wa a foca, yofukulidwa mu 2007 pachilumba cha Devon ku Canada, imene inkasambira m'nyanja ya madzi opanda mchere. Pa masentimita 50 ikani Langebaanweg wa ku South Africa, komwe kunapezeka mafupa a foca a zaka 5 miliyoni. Tsopano bwererani kumapu. Ku Cape Cross ku Namibia a foca ali miyandamiyanda chifukwa madzi ozizira a Benguela amadzaza nsomba. Gombe lathu la ku Beira limalandira madzi ofunda ochokera kumpoto. Ana anzeru adzamaliza okha.

Sipalephera mwana wofunsa ngati m'migodi ya malasha ku Moatize mungapezeke mafupa a namgumi. Musamuyankhe ndi pakamwa. Muuzeni aimirire pamtengo paja ayende mamita opitirira 25, kudutsa kutali mnzake wa Pakicetus, chifukwa miyala imeneyo ndi ya zaka zoposa 250 miliyoni, ndipo imasunga masamba a mtengo wakalekale wotchedwa Glossopteris. Akabwerako mupatseni rula ayeze masentimita 3 kuchokera pamtengo, zaka 300,000 za mtundu wa anthu, amangepo mfundo yomaliza.