Mwana akamasanza kapena kutsegula m'mimba sikelo n'kumatsika: momwe mungawonjezere mphamvu m'chakudya chake

Mwana akayamba kutsika sikelo, malangizo amene mayi amamva kwa aliyense ndi akuti "muzimudyetsa kwambiri". Kwa mwana amene m'mimba mwake muli bwino, mawuwa akhoza kuthandiza. Koma kwa amene amabweza mkaka akangoyamwa, amene amatsegula m'mimba pafupipafupi kapena kulira ndi mimba yotupa, kapu yodzaza ya phala imangothera pa chitenje cha amake. Mimba ya mwana imanyamula pafupifupi mamililita 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndiye mwana wa makilogalamu 6 akalandira mamililita 180, omwe sadzaza n'komwe kapu ya tiyi, malo atha. Choncho ntchito yathu si kuchulukitsa chakudya m'mbale ayi. Ntchito ndi yoti supuni iliyonse ikhale ndi mphamvu zambiri, ndipo masupuniwo azibwera pang'onopang'ono koma pafupipafupi.

1. Yambirani kusikelo, osati kukhitchini

Tengani mwana ndi kabuku kake ka kuchipatala, akamuyeze. Chofunika si nambala ya tsiku limodzi koma mzere wa miyezi ingapo: ukukwera, waima, kapena ukutsika? Khanda limatsika pang'ono m'masiku oyamba, koma pofika masabata awiri liyenera kubwerera pa sikelo yobadwa nayo. M'miyezi itatu yoyamba ana ambiri amawonjeza magalamu 150 mpaka 200 pa sabata, ndipo pofika miyezi 5 kapena 6 amakhala atalemera kuwirikiza kawiri momwe anabadwira.

Mwana wopitirira miyezi 6 amamuyezanso mkono ndi kalamba ka mitundu itatu kaja. Pansi pa masentimita 11.5 ndi pofiira, kutanthauza kunyentchera kwambiri. Pakati pa 11.5 ndi 12.5 ndi pachikasu, kutanthauza kunyentchera kocheperapo. Alangizi a zaumoyo amadinanso pamwamba pa mapazi kuti aone ngati chala chikusiya kadzenje, komwe ndi chizindikiro cha kutupa.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kuyesa zapakhomo, zimafuna chipatala tsiku lomwelo: masanzi obiriwira kapena amagazi, magazi m'chimbudzi, kusanza chilichonse, kukana kuyamwa, kufooka kapena kugona kosadzutsika, maso olowa ndi liwombo lolowa, kutupa mapazi onse awiri, kutentha thupi kwa khanda, ndi kutsegula m'mimba kofika masiku 14. Khanda la masabata ochepa limene likusanza mothovola patali nthawi iliyonse likayamwa, kenako n'kufunanso bere ndi njala, likhoza kukhala ndi njira yopapatiza potulukira chakudya m'mimba, ndipo vutoli limakonzedwa ndi opaleshoni.

Ndikudziwa kuti m'mabanja ambiri mwana akamaonda nkhani imathamangira ku tsempho, ndipo liwombo likalowa anthu amafuna mankhwala opaka pamutu. Liwombo limalowa chifukwa madzi achepa m'thupi. Pamene akuluakulu akukambirana za tsempho, mwanayo akhale ali kale m'manja mwa adokotala. Ndipo akakupemphani kuti amuyeze HIV, TB kapena malungo, musakhumudwe. Matendawa amabisala kumbuyo kwa sikelo yosakwera, ndipo chakudya chokha sichingawagonjetse.

2. Osakwana miyezi 6: konzani kayamwidwe

Pa msinkhu uwu chakudya champhamvu kuposa china chilichonse ndi mkaka wa m'mawere, ndipo ndi umenenso mimba yodwala imagaya mosavuta. Phala lamadzimadzi, madzi, tiyi kapena mankhwala azitsamba zimalanda malo a mkaka ndi kulowetsa majeremusi. Yamwitsani mwakathithi, ka 8 mpaka ka 12 usana ndi usiku. Mwana wofooka amagona kwambiri ndipo sapempha bere, choncho mudzutseni pakatha maola awiri kapena atatu.

Onetsetsani momwe wagwirira bere. Kukamwa kutseguke kwambiri, mlomo wam'munsi utembenukire kunja, chibwano chigunde bere, ndipo mbali yaikulu ya pakuda pozungulira nsonga ikhale m'kamwa. Muzimva akumeza. Ngati nsonga zikupweteka kapena kung'ambika, kawirikawiri ndiye kuti akungoyamwa nsonga yokha ndipo mkaka umene akupeza ndi wochepa. Pemphani anamwino akuonereni mukuyamwitsa.

Chinthu chimene ambiri sitichiganizira ndi ichi: mkaka umasintha bere likamaphwa. Woyamba kutuluka umakhala wamadzi, wakumapeto umakhala ndi mafuta ambiri. Mwana amene amasinthidwa bere pakangotha kamphindi amakhuta woyamba uja, n'kumachita mpweya m'mimba ndi chimbudzi chathovu, sikelo osakwera. Msiyeni amalize bere limodzi mpaka alisiye yekha, kenako mupatseni linalo. Akayamba kuwodzera ali pabere, finyani bere pang'ono ndi dzanja kuti mkaka uthamange. Ngati amatopa msanga, kamirani m'kapu yoyera mkaka wotsala ndipo mumwetse ndi kapuyo kapena supuni. Mwana amene akupeza mkaka wokwanira amanyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa tsiku.

Kwa amene ali pa mkaka wam'chitini, sakanizani ndendende momwe palembedwera. Kuchulukitsa madzi kuti chitini chikhalitse kumaondetsa mwana. Kuchulukitsa ufa kuti anenepe kumalemetsa impso ndi kuumitsa thupi. Adokotala okha ndi amene angasinthe muyesowo.

3. Thandizani chakudya kukhazikika m'mimba

Mwana wobweza mkaka muzimuyamwitsa mutu uli pamwamba kuposa mimba, ndipo musadikire kuti alire ndi njala chifukwa polira amameza mpweya. Muzimugeyetsa pakati pa kuyamwa ndi pomaliza. Akatha, mukhazikeni choimirira paphewa kwa mphindi 20 mpaka 30. Musamuponye m'mwamba posewera, ndipo musamange chitenje kapena thewera mothina pamimba atangodya. Pogona agone chagada pamalo osapendekeka, ngakhale amabweza. Kumugoneka chafufumimba n'koopsa.

Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambanso pang'onopang'ono.

4. Kuyambira miyezi 6: limbitsani phala

Apa ndi pamene mabanja ambiri amatayira mwana mphamvu osadziwa. Phala la ufa woyera, madzi ndi kamchere limadzaza mimba koma mbali yake yaikulu ndi madzi. Yesani motere: tapani phala ndi supuni n'kuipendeketsa. Likayenderera ngati thobwa, ndi lopepuka kwambiri. Liyenera kukhala pa supuni n'kugwa mwaulesi.

Bungwe la World Health Organization limati mwana woyamwa amafunika kupeza kuchokera ku chakudya chowonjezera makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 200 pa tsiku ali ndi miyezi 6 mpaka 8, makalori 300 pa miyezi 9 mpaka 11, ndi 550 kuyambira chaka mpaka miyezi 23. Wotsika sikelo amafunika kuposa pamenepa kuti abwerere. Supuni yaing'ono imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 40, ndipo sitenga malo m'mimba. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 70. Mukuona kuti zinthu zazing'ono zomwezi zimatseka mpata waukulu.

Phikani phala la mgaiwa kapena Likuni Phala, yemwe ndi chimanga chosakaniza ndi soya. Kenako onjezani chinthu chimodzi mwa izi:

- theka la supuni yaing'ono ya mafuta ophikira kapena majarini pa chakudya chilichonse, n'kufika supuni yathunthu ngati mimba yalola;
- supuni yaikulu ya nsinjiro zosefa bwino, zophikira limodzi ndi phala;
- dzira loswera m'phala lili pamoto, lipse bwinobwino;
- ufa wa usipa kapena matemba, wokazinga pang'ono, kusinja ndi kusefa kuti minga isatsale;
- peyala lakupsa kapena nthochi yokanya;
- mbatata yofiira mkati kapena dzungu lopota, lothira mafuta pang'ono.

Ndati chimodzi dala. Kwa mwana wa vuto la m'mimba, yambitsani chatsopano chimodzi, dikirani masiku atatu mukuona chimbudzi, khungu ndi masanzi, kenako onjezani china. Mukathira zonse tsiku limodzi mwana n'kudwala, simudziwa cholakwa ndipo mumasiya zonse, zabwino zomwe. Zidzolo zotuluka mwadzidzidzi, kutupa milomo kapena kubanika atangodya mtedza kapena dzira ndi nkhani yothamangira kuchipatala. Mtedza wosinja muziusankha: wowola, wofota kapena wachuku uli ndi poizoni amene kuphika sikumuchotsa. Mafuta nawo asapitirire, chifukwa akachuluka mwana amakhuta msanga n'kukana zomanga thupi.

Nanga mwana amene phala lolimba limamukanika kumeza? Yankho lili m'nyumba zathu zomwe: chimera. Phikani phala lolimba ndithu, liphuleni lizizire pang'ono, thiranimo supuni yaing'ono ya ufa wa chimera pa kapu imodzi n'kutakasa. Pakatha mphindi zochepa mudzaona phala lija likusungunuka lokha popanda kuthira dontho la madzi, chifukwa chimera chimaphwanya ufa uja kukhala tizidutswa tosavuta kugaya. Mphamvu zonse zimatsala momwemo. Libwezereni pamoto liwire kaye kuti majeremusi a m'chimera afe, kenako thirani mafuta. Kwa ine iyi ndi njira yabwino kuposa zonse kwa mwana wofooka, ndipo siifuna ndalama.

Uchi musamupatse asanakwane chaka. Mkaka wa ng'ombe mukhoza kuphikira m'phala, koma usalowe m'malo mwa bere asanakwane chaka. Tiyi, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, majuwisi ndi majigisi zichoke: zimapha chilakolako cha chakudya, ndipo shuga wambiri amawonjezera kutsegula m'mimba.

5. Gawani chakudya kambirimbiri

Mwana wathanzi wa miyezi 6 mpaka 8 amadya kawiri kapena katatu pa tsiku, wamkulupo katatu kapena kanayi ndi zotolatola pakati. Wotsika sikelo mumpatse ka 5 kapena ka 6, pang'onopang'ono, bere likupitirira. Akhale ndi mbale yakeyake kuti muone zimene wadya. M'mbale ya gulu, wofooka ndi amene amatsala. Madzi amwe akatha kudya. Khalani naye maso ndi maso, mulankhuleni, mudikireni. Kumutsina mphuno kapena kumuthira phala ndi dzanja atagona kungamutsamwitse mpaka phala kulowa m'mapapo, ndipo mwana wotere amayamba kuopa supuni.

Ukhondo ndi mbali ya kunenepa. Sambani m'manja ndi sopo musanakonze chakudya komanso mukasintha thewera, ndipo phala lotsala m'mawa lisamudikire mpaka masana.

6. Akatsegula m'mimba, musasiye kudyetsa

Maganizo akuti mimba ipumule ndi amene amagwetsa ana ambiri. Matumbo amachira ndi chakudya. Pitirizani bere kuposa kale. Sungunulani paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo mwana wosakwana zaka ziwiri mumwetse mamililita 50 mpaka 100 ndi supuni nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi. Mapiritsi a zinc amamwa masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsegulako kutasiya: mamiligalamu 20 pa tsiku, kapena 10 kwa wosakwana miyezi 6. Akachira, muwonjezereni chakudya chimodzi pa tsiku kwa masabata awiri kuti abweze zimene wataya.

Ana ena akatsegula m'mimba nthawi yaitali, matumbo amalephera kwa kanthawi kugaya shuga wa mu mkaka wa ng'ombe: chimbudzi chimakhala chamadzi, chowawasa, chochititsa tizilonda m'matako. Zikatero chepetsani mkaka wa ng'ombe, mukhoza kuyesa yogati yopanda shuga, koma bere musalisiye. Ngati pali timagazi m'chimbudzi pamodzi ndi zidzolo zoyabwa, adokotala aone ngati thupi lake likudana ndi mkaka wa ng'ombe musanayambe kusala zakudya mwa inu nokha. Katemera wa rota woteteza ku kutsegula m'mimba, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2012, vitamini A kuyambira miyezi 6 ndi mankhwala a njoka zam'mimba akakwana chaka, onse aoneke kuti alembedwa m'kabuku.

7. Akapatsidwa chiponde, chisamaleni ngati mankhwala

Mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo wopezeka pofiira, ngati akudya ndipo alibe matenda ena aakulu, amalandira chiponde chokadyera kunyumba. Paketi imodzi ya magalamu 92 ili ndi makalori 500, ndipo chiwerengero cha mapaketi amachiwerengera pa kulemera kwa mwanayo. Mukagawirako abale ake kapena kupaka pa buledi wa banja, mwachepetsa mankhwala a wodwala. Muyamwitseni kaye, mupatseni chiponde pang'onopang'ono kuchokera m'paketi momwemo, ndipo pakhale madzi abwino akumwa chifukwa chimachititsa ludzu.

Amene akukana kudya, wotupa kwambiri, wodwala, kapena khanda lonyentchera losakwana miyezi 6, amagonekedwa ku NRU, chipinda cha kuchipatala chosamalirako ana onyentchera. Kumeneko ana a miyezi 6 kupita m'tsogolo amayamba ndi mkaka wopepuka wa F-75 asanafike pa mkaka wamphamvu wa F-100 kapena chiponde, chifukwa thupi lofooka kwambiri likalandira chakudya champhamvu mwadzidzidzi mtima ukhoza kulephera. N'chifukwa chake mafuta ndi nsinjiro za mu gawo 4 si za mwana wotupa mapazi.

8. Bwererani kukayeza

Lembani pakapepala zimene mwana wadya tsiku lililonse, kangati wasanza ndi kangati wachita chimbudzi, ndipo mupite nako kusikelo pa tsiku limene mwauzidwa. Amuyeze pa sikelo yomweyo, atavula zovala zolemera. Mayi woyamwitsa nayenso awonjezere chakudya chake ndi madzi, ndipo abambo kapena agogo atengeko ntchito zina kuti apeze nthawi yokhala pansi ndi mwana ka 6 pa tsiku. Ngati papita masabata awiri mukuchita zonsezi koma sikelo yaima kapena ikutsikabe, musadikire tsiku la mwezi wamawa. Pitani ndi kapepala kaja ndipo mupemphe kuti akutumizeni ku chipatala chachikulu cha boma kuti akafufuze chimene chikulepheretsa chakudya kukhala m'thupi.