Mmene mungagulire katundu ku Carlton Centre osasochera

Aliyense wofika ku Joni koyamba amaiona nyumba ya Carlton Centre asanaidziwe dzina, chifukwa imatalika mamita 223 ndipo ili ndi nsanjika 50. Kuyambira pamene inatsegulidwa mu 1973, inali yaitali kuposa nyumba zonse mu Africa muno mpaka mu 2019 pamene The Leonardo ya ku Sandton inaiposa. Komabe ife amene timapitako kukagula zovala, nsapato kapena ziwiya zotumiza kumudzi, chomwe timafuna sichili m'mwambamo ayi. Masitolo oposa 180 ali pansi pa nthaka, ndipo amene sadziwa zimenezi amangozungulira kunja akudabwa kuti msika umene anauzidwa uja uli pati.

Choyamba ndi kafikidwe. Malowa ali pa 150 Commissioner Street, pakati peni peni pa tawuni yakale. Ngati mukuchokera kumalokeshoni pa minibasi, zimene kuno amazitcha tekisi, imani m'mbali mwa msewu ndi kuloza chala chimodzi m'mwamba, pakuti chimenecho ndicho chizindikiro cha munthu wopita m'tawuni. Okwera mabasi a Metrobus amatsikira pa Gandhi Square, pamene pali pafupi ndithu chakumadzulo. Kuchokera ku Park Station, kumene mabasi ambiri ochokera kwathu amafikira, munthu amatha kuyenda pansi molunjika kum'mwera, koma ine sindilangiza mlendo amene wangotsika kumene, atasenza zikwama, kuti ayende yekha ulendo umenewu. Kasiyeni kaye katundu kumene mukukhala, ndipo mubwere tsiku lina m'mawa, makamaka pakati pa sabata, chifukwa Loweruka la kumapeto kwa mwezi anthu amadzaza moti popondapo pamasowa.

Chinthu chimene ndimachiona chofunika kuposa zonse ndi kuloweza khomo limene mwalowera. Akatswiri a kampani ya ku America ya Skidmore, Owings and Merrill, amene anajambula mapulani a malowa, anaphatikiza zigawo zingapo za mzinda kukhala malo amodzi, ndipo omanga anakumba dzenje lalikulu kuyambira mu 1967 kuti masitolo akhale pansi, nsanja ya maofesi ndi hotela ziime pamwamba pake. Zotsatira zake n'zakuti mukatsika masitepe oyenda okha aja, dzuwa simuliona bwino, makonde amafanana, ndipo mutu umatembenuka msanga. Musanatsike, imani pang'ono ndi kuwerenga dzina la msewu: Commissioner ali kumpoto, Main kum'mwera, Von Wielligh kum'mawa, Kruis kumadzulo. Kenako yang'anani sitolo yoyamba imene mwakumana nayo mutangofika pansi, ndipo muigwire dzina.

Ndinaphunzira kufunika kwa zimenezi tsiku lina pamene ndinapita ndi alamu anga, amene anali atangofika kumene kuchokera ku Mangochi. Tinagwirizana kuti aliyense akagule zake ndipo tikumane pakhomo, koma sitinatchule khomo lake. Patapita nthawi anandiimbira foni mawu akunjenjemera, nati, "Alamu, ndili pakhomo pomwe paja, koma msewu wasintha." Anali atatulukira mbali ya Main, atanyamula bulangete ndi mapoto awiri, pamene ine ndinkawadikira mbali ya Commissioner. Ndinawauza kuti, "Musasunthe alamu, bwererani m'kati muime pafupi ndi alonda, ndikupezani." Kuyambira pamenepo, ndikamapita ndi munthu, timasankhiratu sitolo imodzi ya m'kati kuti ndiyo pokumanirana, osati panja pa msewu.

Pa nkhani ya ndalama, m'kati muli mabanki ndi makina otapira ndalama, ndipo ndi bwino kutapira momwemo kusiyana ndi kunja. Munthu wina aliyense amene akudzipereka kukuthandizani pamakinapo mukaneni mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo, chifukwa ambiri amalandidwa makadi mwa njira imeneyi. Foni isungeni m'thumba lakutsogolo, chikwama muchivale pachifuwa, ndipo pasipoti ndi zikalata zokulolezani kukhala m'dziko muno zikhale pathupi panu nthawi zonse.

Musafulumire kugula m'sitolo yoyamba. Kumpoto kwa Carlton Centre kumayambira Small Street, kanjira ka oyenda pansi kodzaza ndi timasitolo ta zovala ndi nsapato, kumene mitengo imakhala yotsika ndipo mwina n'kunenerera. Kusiyana kwake n'kwakuti m'masitolo akuluakulu a pansi aja mtengo ndi womwe walembedwawo, koma amakupatsani lisiti ndipo chinthu chikakhala ndi vuto muli ndi pobwerera. Kwa ine, zinthu zamagetsi monga ketulo, ayironi kapena wailesi ndi bwino kuzigula kumene kuli lisiti. Malisitiwo muwasunge pamodzi m'kapepala ka pulasitiki, pakuti katundu akafika pachipata cha Mwanza kapena Dedza, a MRA amafuna kudziwa mtengo wake kuti awerengere msonkho. Kumbukiraninso kuti pulagi ya kuno ili ndi mano atatu obulungira pamene ya kwathu ili ndi mano atatu amakona, choncho gulanitu adaputala kuti agogo kumudzi asalandire ketulo imene sangathe kuilumikiza.

Mukamaliza kugula, mpata ukalola, yang'anani nyumba ya nsanjika 30 imene yaima pambali, yotakata kumunsi ndi yotsekedwa. Imeneyo ndi Carlton Hotel, imene inatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pamene makampani ambiri anali kusamukira ku Sandton ndi Rosebank. Mmenemo ndi mmene anasainira pangano la mtendere la National Peace Accord mu 1991, ndipo ndi momwemonso mmene a Nelson Mandela anakondwerera chipambano cha chisankho cha 1994. Zimandiwawa mtima kuiona ili chete chonchi pamene pansi pake anthu akupanikizana, ndipo ndimakhulupirira kuti mwana amene mwapita naye ayenera kuuzidwa mbiri imeneyi ali pomwepo. Malo onsewa anagulidwa ndi kampani ya boma ya Transnet mu 1999 kuchokera ku kampani ya Anglo American.

Pansanjika ya 50 pali malo oonera mzinda otchedwa Top of Africa. Funsani kaye alonda ngati malowa akadali otsegula musanayambe kufunafuna chikepe chake, ndipo musakwere mutasenza katundu wolemera. Konzani zoti mutuluke dzuwa likadali m'mwamba, nthawi ya anthu oweruka kuntchito isanakwane, chifukwa ikangokwana 4 koloko mizere ya matekisi imatalika ndipo kukwera ndi chikwama chachikulu kumavuta.