Momwe mungaonere nokha kulimbirana chakudya kwa nsomba mu Mulunguzi

Nsomba ya trout ya m'phiri la Zomba si yakwathu. Azungu anaibweretsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mtundu wake, rainbow trout, kwawo ndi kumadzulo kwa North America. Inakhazikika muno chifukwa imafuna madzi ozizira, othamanga. Koma mlendoyu amadya mbale imodzi ndi eni mtsinje.

Choyamba, lawirirani m'mamawa, mutavala juzi. Mukadutsa Ku Chawe, tsatirani mtsinje wa Mulunguzi kumtunda kwa damu, cha ku mathithi a Williams. Zovala zowala zisiyeni kunyumba.

Musathamangire kufuna nsomba. Yambani mwavundukula mwala wa m'madzi osaya. Pansi pake mupeza tizilombo tofiirira tikuthawa, tina tili m'tinyumba tamchenga tomatirira kumwala, mwinanso ana a tombolombo. Ndiwo yomwe akulimbiranayo ndi imeneyi. Mwalawo ubwezereni mmene munaupezera.

Kenako khalani pansi pafupi ndi dziwe, chithunzithunzi chanu chisagwere m'madzi, mudikire mphindi 20. Apa m'pamene ambiri amalephera, foni ili m'manja. Mukadekha muona trout itaima moyang'ana kumene madzi akuchokera, mchira wokha ukugwedezeka. Sisakasaka ayi, imadikira kuti madzi aibweretsere. Yaikulu imalanda malo abwino kumutu kwa dziwe, pomwe kachilombo kalikonse kamayamba kudutsa. Yaing'ono ikasendera, imathamangitsidwa. Ponyani kachiwala kumtunda muone amene atole. Nkhanu ndi mbululu zimadya zapansi ndi m'mbali, koma nazo zikachepa msinkhu zimathera m'kamwa mwa trout yomweyo.

Ngati muli ndi chilolezo chowedza ndipo mwagwira imodzi, potumbula musataye matumbo msanga. Ng'ambani chifu pa mbale yoyera, thirani timadzi, muyerekeze ndi zija munaona pansi pa mwala.

Tsiku lina mutsikire kumunsi kwa phiri, kumene madzi ndi ofundirako. Trout imavutika madzi akapitirira madigiri 20, ndiye kumeneko yang'anani matemba ndi timilamba tobisala m'miyala, mulembe zomwe mwaona mbali zonse ziwiri.

Chimodzi chokha ndikupempheni: musatenge trout yamoyo m'ndowa kukaithira mumtsinje wina wa m'phiri. Ikangoswana, kuichotsa n'kovuta zedi.