Kusunga nzeru za ofesi ya mapulani kuti zisamachoke ndi wosamutsidwa

Masomphenya a Malawi 2063 anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, ndipo gawo lake loyamba la zaka khumi, MIP-1, lidzatha mu 2030. Pofika chaka chimenecho, mipando yambiri mu ofesi za mapulani, ku Capital Hill ndi ku makhonsolo komwe, idzakhala itasintha eni kangapo. Ofisala akalandira kalata yomusamutsa amanyamuka ndi laputopu yake, ndipo m'menemo ndi momwe muli ziwerengero, malipoti, ngakhale chifukwa chomwe mlatho wakutiwakuti unachotsedwera mu bajeti. Wolowa m'malo amapeza kabati yokiya ndi mesenjala wokumbukira theka la nkhani.

Musathamangire kugula makina kapena pulogalamu ya pakompyuta. Yambani ndi kalembera wa zomwe muli nazo kale. Anthu awiri apatsidwe milungu iwiri kapena itatu, ayende desiki ndi desiki, kulemba pa tebulo limodzi la Excel dzina la chikalata, chaka chake, pomwe chili, ndi amene akuchisunga. Ku khonsolo afufuze makamaka SEP (chikalata chofotokoza chuma ndi umoyo wa anthu m'dera la khonsolo), pulani ya chitukuko ya dera lonse la khonsolo, mapulani a m'midzi ochokera ku makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, maminitsi a DEC (komiti ya akuluakulu a nthambi ndi mabungwe pa khonsolo), ndi malipoti a pa miyezi itatu iliyonse. Ku likulu awonjezere mafomu a mapulojekiti a PSIP (ndondomeko ya mapulojekiti a chitukuko a boma) ndi malipoti ounika MGDS zonse zitatu (mapulani akale a chitukuko cha dziko). Mupeza kuti chikalata chimodzi chili m'mitundu inayi ndipo palibe akudziwa womwe unavomerezedwa. Funsani amene anasayina, mtundu umenewo muusunge ngati PDF, inayo ilowe mu foda ya zakale.

Kenako sankhani munthu mmodzi woyang'anira nkhokwe ya zikalatazi, ndi wachiwiri wake. Komiti siigwira ntchito imeneyi, imangokumana. Ku khonsolo amene amayenera ndi ofisala wa kalondolondo ndi kuunika ntchito (M&E) mothandizana ndi ofisala wa za makompyuta (MISO), pansi pa mkulu wa mapulani ndi chitukuko (DPD). Udindowu ulembedwe m'kalata, ndipo munthuyo apatsidwe tsiku limodzi pa mlungu lochitira zimenezi zokha.

Mayina a mafayilo akhale ndi dongosolo limodzi: chaka, mwezi, tsiku, dera, mutu, nambala ya mtundu, monga 2024-03-15_Ntchisi_SEP_maphunziro_v2. Chaka chikakhala patsogolo kompyuta imawandandalika yokha. Mafoda asapitirire masitepe atatu kuya kwake, apo ayi anthu amatopa n'kuyambanso kusiya zinthu pa desktop. Za mafayilo otchedwa "final final" ziiwaleni.

Pomwe pamafunika kudekha kwambiri ndi pa ziwerengero, chifukwa ndi pomwe ofesi ya mapulani imachitira manyazi pamaso pa makhansala ndi aphungu. Tsegulani kaundula wa ziwerengero, ndipo nambala iliyonse yolowa mu pulani ikhale ndi zinthu zisanu pambali pake: komwe yachokera, chaka chomwe inasonkhanitsidwa, tanthauzo lake lenileni, dera lomwe ikuyimira, ndi amene anailowetsa. Tengani chiwerengero cha anthu. Kalembera wa 2018 wa National Statistical Office ku Zomba anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo za zaka zotsatira ndi zoyerekeza kuchokera pamenepo. Pomwe alangizi a zaumoyo, akawerenga anthu khomo ndi khomo m'madera awo, amabwera ndi nambala ina, nthawi zambiri yokulirapo. Zonse ziwiri zili ndi ntchito yake. Vuto limabwera wina akatenga ana obayidwa katemera mu DHIS2, nkhokwe ya pakompyuta ya ziwerengero za zaumoyo, n'kugawa ndi chiwerengero cha gwero lina, mpaka lipoti kunena kuti ana oposa 100 pa 100 alionse analandira katemera. Chimodzimodzinso ndi mawu akuti "mjigo wogwira ntchito": kodi ndi womwe unatulutsa madzi tsiku lomwe anauyendera, kapena wotulutsa chaka chonse, mu Okutobala momwe? Gwirizanani tanthauzo limodzi, mulilembe. Mfumu ina ikakwezedwa kukhala Sub T/A malire amasintha, choncho lembani chaka chomwe deralo linagawidwa, kuopera kuti wina adzaganiza kuti anthu anachepa. Kumbukiraninso kuti chaka cha boma cha ndalama chinasintha mu 2022, kuchoka pa Julayi mpaka Juni kufika pa Epulo mpaka Malichi, ndipo chaka cha 2021/22 chinali cha miyezi isanu ndi inayi yokha. Wochiyerekeza ndi zaka zina osadziwa zimenezi amanama mosafuna.

Chilichonse chofunika chikhale m'malo atatu: pa kompyuta yaikulu ya ofesi, pa hard drive yosungidwa m'nyumba ina, ndi pa intaneti pa akaunti ya ofesi, osati ya Gmail ya munthu. Hard drive ya 2TB ndi yokwanira ofesi ya khonsolo. Koperani Lachisanu lililonse, ndipo kamodzi pa miyezi itatu yesani kutsegula mafayilo asanu kuchokera pa hard drive ija, poti ambiri amadziwa kuti inafa kalekale tsiku lomwe ayifuna. Kompyuta yaikuluyo ikhale ndi UPS, batire yosunga magetsi, chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi. Flash disk ndi ngolo ya mavayirasi, ndipo gulu la WhatsApp ndi lotumizirana uthenga basi: foni ikabedwa m'minibasi zonse zapita.

Mapepala muwajambule pa sikana pa 300 dpi. Enieniwo akhale m'mabokosi pa mashelefu achitsulo, masentimita 15 kuchoka pansi komanso osagunda khoma, kuopa chiswe ndi chinyezi. Musawotche fayilo ya boma musanafunse a National Archives ku Zomba. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndiye mtolankhani kapena nzika ili ndi ufulu wopempha zikalatazo.

Zatsala ndi zomwe zili m'mutu mwa anthu. Gawo lililonse la pulojekiti likatha, khalani pansi kwa ola limodzi mu ofesi momwemo, osadikira ndalama za msonkhano wa kunyanja. Yankhani mafunso anayi: timafuna kuchita chiyani, chinachitika n'chiyani, chinasiyanitsa n'chiyani, ulendo wina tidzasintha pati. Mayankho asapitirire tsamba limodzi, ndipo musalembemo mayina a olakwa, chifukwa mukatero ulendo wotsatira aliyense adzangoti zonse zinayenda bwino.

Wosamutsidwa kapena wopuma ntchito akhale milungu iwiri ndi womulowa m'malo. Ngati wolowayo sanafike, asiyire wachiwiri uja. Kalata yosiyirana ntchito ikhale ya masamba awiri kapena atatu: ntchito zomwe zili m'njira ndi pomwe zafika, malonjezo omwe ofesi inapereka kwa mafumu ndi mabungwe, ngongole za makontilakitala, mapasiwedi, komanso amene amayankha foni msanga ku nthambi iliyonse. Bwanamkubwa kapena mkulu wa nthambi asasayine fomu yomumasula mpaka woyang'anira nkhokwe atatsegula yekha mafayilowo pa kompyuta ya ofesi n'kuona kuti alimo.