Musamange mabauti a mabushi galimoto ili lende pa jeki

Mvula ya chaka chino yakumba misewu, ndipo magalimoto akale ambiri ayamba kugogoda kunsi. Eni ake achita bwino kuthamangira kukasinthitsa mabushi, timalabala tija timakhala pamene zitsulo zogwira mawilo zalumikizana ndi thupi la galimoto. Chimene chikundiwawa mtima n'chakuti magalimoto omwewo akubwereranso kugalaja mvula isanathe n'komwe, mabushi atsopano aja atang'ambika kale. Mwini galimoto akuloza chala wogulitsa kuti anamupatsa katundu wabodza, wogulitsa akuloza msewu, makaniko naye akuti zinthu za masiku ano sizilimba. Koma ndikagwada n'kuunika ndi tochi, ndikupeza labala atang'ambika mozungulira, ngati kuti wina anachita kumupotokola ndi manja. Ndikafunsa kuti, "Kodi mabauti munamanga galimoto ili pati?" yankho likumakhala limodzimodzi: "Ili pa jeki, nanga tikanamangira pati?"

Vuto lagona pamenepo. Bushi yabwinobwino ikuphedwa tsiku lomwe yaikidwa, galimoto isanatuluke n'komwe pageti.

Ambiri amaganiza kuti bushi imazungulira pa bauti monga chimachitira chitseko pa mahinjesi ake. Ayi ndithu. Itengeni m'manja muione bwino. Pakati pali kapaipi kachitsulo momwe mumadutsa bauti, kunja kuli chikombole chachitsulo chimene chimakanikizidwa mu control arm, mkono uja umagwira wilo, ndipo pakati pa zitsulo ziwirizi pali labala amene anamatidwa ndi moto ku fakitale mbali zonse ziwiri. Mukamanga bauti, kapaipi kam'kati kamapanidwa ku shasi moti sikasunthanso. Chikombole chakunja chimayenda limodzi ndi mkono. Ndiye wilo ikamakwera ndi kutsika pamsewu, palibe chitsulo chimene chikuzungulira pa chinzake. Amene akugwira ntchito yonse ndi labala, akupotoka uku n'kubwerera uku.

Opanga galimoto anawerengera kuti galimoto ikaima pa matayala ake pamalo osalala, labala ameneyu akhale atapuma, wosapotoka mbali iliyonse. Wilo ikagunda bampu amapotokera mbali ina pang'ono, ikagwa m'dzenje amapotokera mbali inayo pang'ono, kenako amabwerera pamalo pake. Tsono inu mwakweza galimoto, wilo yalendewera mpaka pothera, mkono waloza pansi, ndiye mwamanga bauti mwamphamvu pamenepo. Labala mwamuuza kuti malo ake opumira ndi amenewo. Mukangotsitsa jeki, kulemera kwa galimoto kumakankhira mkono m'mwamba, labala n'kupotoka, ndipo sabwereranso. Galimoto itaima usiku wonse pakhomo, iye ali chipotokereni. Zili ngati nsalu yochapa imene mwaifinya mpaka madzi atha, ndiye mukuipotokolabe kambirimbiri tsiku lililonse. Ulusi wake sungapirire.

Tiyerekeze ndi manambala kuti zimveke. Mkono ukhale wotalika masentimita 30, ndipo wilo itsike masentimita 8 galimoto ikakwezedwa. Pamenepo mkonowo wapendekeka pafupifupi madigiri 15. Madigiri 15 amenewo ndi amene labala akusenza galimoto isanayende ngakhale mita imodzi, musanakweze munthu kapena thumba. Mukakweza katundu amawonjezereka, mukagunda bampu amawonjezerekanso. Bushi imene inayenera kukutumikirani zaka ikutha pa miyezi yowerengeka.

Chizindikiro chake chimaoneka tsiku lomwelo kwa munthu woyang'anitsitsa. Galimoto ikatsika pa jeki imaima mokwererapo pang'ono kuposa kale, chifukwa labala wopotoka uja akulimbana ndi kulemera kwake. Mwini wake amasangalala kuti galimoto yadzuka, yakhala ngati yatsopano. Pamsewu imamveka youma, kabampu kakang'ono kakufika mpaka kumsana. Amati ndi kulimba kwa mabushi atsopano. Pakapita masabata angapo galimoto imakhalanso pansi, ndipo kukhala pansiko ndiye kuti labala wayamba kusiyana ndi chitsulo chake.

Ndalama ya bushi yeniyeniyo ndi yochepa pa zonse zimene mumataya. Bushi ikang'ambika, mkono umasewera kutsogolo ndi kumbuyo, wilo n'kumaloza kumene yafuna. Alayinimenti imene munalipira ija, yowongola mawilo kuti aloze bwino, yapita. Tayala limayamba kudyeka mbali imodzi, kawirikawiri m'mphepete mwa mkati momwe simuona mukaima pambali pa galimoto, mpaka tsiku lina mungoona mawaya atatuluka. Tayala limodzi lokha ndi lodula kuposa mabushi angapo. Mukaponda buleki galimoto imakokera mbali, chiwongolero chimanjenjemera, ndipo pamsewu wonyowa zimenezi ndi zoopsa kwambiri. Kugogoda kuja kukayamba ndiye kuti chitsulo chikumenya chitsulo, ndipo nkhonya zake zikupita ku ball joint, mfundo yolumikiza mkono ndi wilo, ku mashoko ndi ku mabulaketi a shasi, amene pa galimoto yakale amakhala atadyeka kale ndi dzimbiri. Palinso china chimene anthu sachiwerengera. Nthawi iliyonse mukatulutsa bushi ndi kukanikizamo ina, bowo la mkono limakula pang'ono. Mukabwereza kangapo, bushi yatsopano imangolowa ndi dzanja, osagwira, ndipo mukuyenera kugula mkono wonse. Pa magalimoto ena akale mkono umenewo kuupeza kwake n'kovuta.

Ndikalankhula zimenezi, ena amandiyankha kuti akhala akumanga chonchi kuyambira ali anyamata ndipo palibe anadandaulapo. Abale anga, anthu amadandaula, kungoti amakadandaula kwina. Galimoto imapita kwa makaniko wina, iyenso amamanga chimodzimodzi, mlandu n'kugwera sipeya. Chifukwa chenicheni chomangira m'mwamba tonse tikuchidziwa: wilo ikachoka malo amakhala ambiri, sipanala imalowa bwino, munthu sagona pansi. N'zoona, kumanga galimoto itatsika n'kovutirapo. Koma mphindi zochepa zimene mwapulumutsazo, mwini galimoto azilipira ndi matayala awiri. Chizolowezi chimenechi chitheretu. Ndipo si nzeru yanga yatsopano ayi. Tsegulani buku lokonzera galimoto, kaya la Toyota kaya la Nissan, pa tsamba la control arm kawirikawiri mupeza mawu akuti bauti imeneyi imangidwe komaliza galimoto itaima pa matayala ake. Mawuwo akhala alimo kuyambira kale, anthu amangowadumpha.

Bambo wina, mlimi wa chimanga ndi mtedza, ali ndi pikapu yakale ya masipuling'i a mapale kumbuyo imene amatutira zokolola ndi feteleza. Anandiimitsa tsiku lina nkhope ili gwaa.

"Alangizi, tandiuzani, mabushi abwino amagulitsa kuti? Chaka chino chokha ndasintha kawiri, koma kumbuyoku kukungolira ngati ndamangirira makasu."

Ndinawafunsa amene amawaikira. Anati amaika okha ndi mwana wawo, chifukwa ntchito yake ndi yosavuta. Amakweza shasi, ekiselo yogwira mawilo akumbuyo n'kulendewera, amasintha mabushi a m'maso mwa sipuling'i ndi a pa shackle, kachitsulo kolendewera kolumikiza sipuling'i ku shasi, kenako amamanga ndi sipanala yowonjezera paipi mpaka nati italira.

"Ndimamanga ndithu, bambo, sindichita zamasewera. Mwanayu amachita kupondapo."

Mphamvu zinalipo zokwanira, koma zinapita pamalo olakwika. Galimoto ngati yawoyo ndiye imavutika kwambiri, chifukwa kuchokera pamene ekiselo yalendewera kufika pamene yasenza matumba, shackle imayenda mtunda wautali, ndipo wonsewo ukuthera mu labala. Anagula mabushi a mtundu womwewo pamalo omwewo, koma ulendo uno anamanga galimoto itatsika. Atuta nawo nyengo yonse ya feteleza ndipo sanabwerenso ndi dandaulo limenelo. Chinawakhumudwitsa n'chakuti matayala awiri akumbuyo anali atapita kale.

Pamene ndili pomwepa nditchulenso za oyilo. Ena bushi ikakana kulowa amaipaka girizi kapena oyilo wakutha wa mu injini. Mafuta ochokera ku petulo amafewetsa labala ndi kumutupitsa, kenako amanyenyeka. N'chifukwa chake bushi imene ili pansi pa injini yodontha oyilo imatha msanga kuposa inzake ya mbali inayo, ndipo ngati simutseka podonthapo mudzasinthanso. Pofuna kuti labala aterereke, madzi a sopo ndi okwanira. Kuotcha bushi yakale ndi moto kuti ituluke nakonso sindigwirizana nako. Utsi wake ndi woipa m'chifuwa, ndipo moto wambiri umafooketsa chitsulo cha mkono kapena sipuling'i. Ngati palibe pulesi, makina okanikizira bushi, bowolani labala achoke, chekani chikombole ndi sowo kuchokera mkati mosamala kuti musacheke mkono, chidzatuluka chokha ndi tchizulo.

Mabushi olimba a mtundu wa pulasitiki wotchedwa polyurethane, aja amakhala ofiira kapena achikasu, nkhani yake ndi ina. Iwo samatidwa ku kapaipi, amazungulira ndithu, ndipo amafuna girizi wake wapadera amene amabwera nawo, apo ayi amalira. Musatenge malamulo a amenewa kukagwiritsa pa mabushi a labala.

Tsono kachitidwe kake, mwachidule, poti kumasula ndi kukanikiza mumadziwa kale. Musanakweze galimoto, yezani ndi tepi kuchokera pakati pa wilo kufika m'mphepete mwa madigadi, mulembe nambalayo. Ngati pali mabauti a alayinimenti okhala ndi washa wopendekeka, ikani chizindikiro ndi penti musanamasule. Bushi ina imakhala ndi muvi kapena mipata mu labala, choncho onani mmene yakale yakhalira ndipo yatsopano ilowe chimodzimodzi. Sinthani mbali zonse ziwiri tsiku limodzi. Pobwezera mkono, mangani mabauti mongogwiriza kuti kapaipi kathe kusuntha. Bwezerani mawilo, tsitsani galimoto, igwedezeni kangapo ndi kuikankha kutsogolo ndi kumbuyo kuti ikhazikike, ndiyeno mangani komaliza ili padzenje la mugalaja kapena pa ma ramp, zitsulo zija galimoto imakwerapo ndi matayala ake. Ngati zimenezi palibe, siyani galimoto pa masitandi olimba, ikani jeki pansi pa mkono kufupi ndi ball joint, kwezani pang'onopang'ono mpaka tepi ikupatseni nambala munalemba ija, mumange pamenepo. Galimoto ikayamba kunyamuka pa sitandi lekani kukweza. Musalowe pansi pa galimoto yodalira jeki yekha kapena njerwa, ndipo ngati sipuling'i yozungulira yakhala pa mkono womwewo, musamasule popanda chopanira sipuling'i. Gwiritsani ntchito torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa mlingo wa m'buku la galimoto yanuyo, paipi ndi phazi zisiyeni. Nati yodzitseka yokha ikamasulidwa ikani yatsopano. Mukatha zonsezi pitani ku alayinimenti tsiku lomwelo.

Amene mwasinthitsa mabushi posachedwa ndipo mukudziwa kuti anamangidwa galimoto ili lende, musadikire kuti ayambe kugogoda. Ngati labala sanang'ambike, bwererani padzenje galimoto itaima pa matayala ake, mumasule bauti iliyonse pang'ono kuti labala abwerere m'malo mwake, mumangenso pa mlingo wake, kenako muyezetsenso alayinimenti.