Kulumikiza makontena a Docker pa pulogalamu yofufuzira zithunzi

Kuti pulogalamu yofufuzira zithunzi ilumikizane ndi nkhokwe ya Qdrant, yomwe imasunga manambala oimira zithunzi, pafunika kompyuta yokhala ndi Docker (pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu ena m'mabokosi odzipatula otchedwa makontena) ndi Compose (chida choyendetsera makontena angapo pamodzi), foda ya zithunzi, komanso intaneti yodalirika pokopera mafayilo koyamba.

1. Lembani fayilo ya compose.yaml ndipo mutchulemo makontena awiri, qdrant ya nkhokwe ndi app ya pulogalamu yofufuzira zithunzi.

2. Kontena ya qdrant muipatse volume (malo osungira mafayilo kunja kwa kontena) pa /qdrant/storage, apo ayi zonse zimene mwasunga zidzatayika mukadzaichotsa. Popeza kuno ku Harare magetsi amazimazima, onjezaninso restart: unless-stopped kuti makontena azidzuka okha Docker ikayakanso.

3. Ngati app ikugwiritsa ntchito CLIP ViT-B/32 (modelo yosandutsa zithunzi kukhala manambala), chithunzi chilichonse chimasanduka manambala 512, choncho collection (gulu losungiramo manambalawo) ya mu Qdrant ikhalenso yolandira manambala 512 pa chithunzi chilichonse.

4. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mu app musalembe localhost:6333, chifukwa mkati mwa kontena dzina la localhost limaloza kontena yomweyo. Lembani http://qdrant:6333, poti Compose imaika makontena onse pa netiweki imodzi ndipo amapezana ndi mayina awo.

5. Lembani docker compose up -d kuti makontena ayambe kugwira ntchito, kenako muone mauthenga a app ndi docker compose logs app musanafufuze chithunzi choyamba.