Kalembedwe ka asayimenti yoyankha funso lakuti "Ndine yani?"

Kosi yokhudza munthu ndi kudzizindikira kwake imaoneka yofewa m'masabata oyamba, poti aliyense amaona ngati akudzidziwa kale. Zinthu zimavuta pa asayimenti yoyamba. Ophunzira ambiri amayankha mafunso atatu osiyana nthawi imodzi osadziwa, ndipo malikisi amathera pomwepo.

Musanalembe chilichonse, siyanitsani mafunsowo. Loyamba: n'chiyani chimachititsa kuti inu a lero mukhale munthu yemweyo amene anali mwana zaka 15 zapitazo? Lachiwiri: kodi mkatimu muli "ine" wokhazikika, kapena muli maganizo ongobwera n'kupita? Lachitatu: anthu amene mumakhala nawo, chinenero ndi mbiri zimakuumbani bwanji? Munthu akamati "uja wasintha, si yemwe uja ayi", akunena za khalidwe, sakutanthauza kuti wina anachoka n'kubwera wina. Werengani mutu womwe mwapatsidwa kawiri, mudziwe kuti ukugwera pa funso liti, ndipo mukhale pomwepo mpaka kumapeto.

Funso loyamba ndi limene limabwera kawirikawiri, ndipo poyambira ndi John Locke, woganiza mozama wa ku England. Mu 1694 iye analemba kuti munthu amakhala yemweyo mpaka pomwe kuzindikira kwake kungafike m'mbuyo, ndipo owerenga ambiri amamva zimenezi ngati kukumbukira. Anapereka chitsanzo cha mwana wa mfumu amene mzimu wake, pamodzi ndi zonse zomwe akukumbukira, walowa m'thupi la wosoka nsapato. Thupi ndi la wosoka nsapato, koma munthuyo, kwa Locke, ndi mwana wa mfumu, ndipo ndiye woyenera kuyankha pa zomwe mwana wa mfumu anachita. Apa ophunzira amaphonya polemba kuti Locke anati mzimu ndiwo munthu. Sanatero. Anasiyanitsa mzimu, thupi ndi kuzindikira, n'kusankha chachitatucho.

Mukatero bweretsani chotsutsa champhamvu, osati chofowoka chomwe mungachigwetse mosavuta. Cha Thomas Reid cha mu 1785 n'chabwino. Mnyamata wakwapulidwa chifukwa choba zipatso. Atakula, ali msilikali, walanda mbendera ya adani, ndipo akukumbukira kukwapulidwa kuja. Atakalamba, ali mkulu wa asilikali, akukumbukira za mbendera koma za chikwapu waiwala. Potsata Locke, nkhalambayo ndi msilikali uja, msilikaliyo ndi mnyamata uja, koma nkhalambayo si mnyamata uja. Zimenezi sizingatheke. Lembani magawo atatuwa limodzilimodzi monga momwe alili pano, chifukwa mphamvu ya chotsutsachi ili m'ndondomeko yake. Mukachifupikitsa n'kungoti "anthu amaiwala", mwachipha.

Yankho lodziwika ndi la unyolo: sikofunika kuti nkhalamba ikumbukire ubwana mwachindunji, bola gawo lililonse la moyo likhale lolumikizana ndi loyandikana nalo. Derek Parfit anakulitsa ganizoli mu 1984. Koma musaganize kuti nkhani yatha. Joseph Butler anali atafunsa kale mu 1736 kuti: timadziwa bwanji kuti chomwe ukukumbukira chinakuchitikiradi iweyo, ngati sitinadziwe kale kuti ndiwe yemweyo? Asayimenti imene imafika pa funso la Butler n'kuyesa kuliyankha moona mtima imaposa imene yangotchula mayina khumi.

Ngati mutu wanu uli pa funso lachiwiri, ikani René Descartes, amene anapeza kuti sangakayikire zoti iye woganizayo alipo, pafupi ndi David Hume, amene mu 1739 ananena kuti akadziyang'ana mkati amangopeza kutentha, kuzizira, chikondi, chidani, ululu kapena chisangalalo, osapeza "ine" payekha. Chiphunzitso cha Chibuda chotchedwa anatta, chonena kuti palibe "ine" wokhazikika, chimafanana ndi za Hume, koma cholinga chake ndi kumasula munthu ku mavuto, choncho musalembe ngati n'zofanana ndendende.

Pa funso lachitatu pali Charles Cooley, amene mu 1902 anayerekezera anthu otizungulira ndi galasi lodziyang'anira, W. E. B. Du Bois, amene mu 1903 anafotokoza ululu wa munthu wakuda ku America wodziona kudzera m'maso mwa omunyoza, ndi John Mbiti wa ku Kenya, amene mu 1969 analemba kuti munthu alipo chifukwa anthu alipo. Ifeanyi Menkiti anapitiriza kuti umunthu munthu amachita kuupeza pokhala bwino ndi ena, ndipo Kwame Gyekye anatsutsa kuti maganizo amenewo akuchepetsa munthu payekha. Mtsutso wa awiriwa ndi wokwanira asayimenti yonse.

Tsopano kagawidwe. Pa asayimenti ya mawu 1,500, mawu oyamba asapitirire 150, ndipo muneneretu mbali yomwe mwaima m'chiganizo chimodzi. Mawu 400 afotokoze ganizo lomwe mukuliyesa, 400 ena chotsutsa, 400 yankho lanu, otsalawo mumalizire. Oganiza awiri kapena atatu ndi chitsanzo chimodzi n'zokwanira. Mukachulukitsa, aliyense amapeza mizere iwiri yokha ndipo palibe mfundo imene imapsa.

Werengani zomwe eni ake analemba, osati zofupikitsa za pa intaneti zokha. Werengani kawiri: koyamba osaima, kachiwiri ndi cholembera, mukulemba mfundo ya ndime iliyonse m'mawu anuanu. Ndime imene mwalephera kuifotokoza ndiyo muyenera kukafunsa kwa aphunzitsi.

Za moyo wanu mutha kuikamo ngati mutu ukulola, koma ndime imodzi yokha, ndipo igwire ntchito yoyesa ganizo. Ngati mukulemba za wachibale amene matenda anamuiwalitsa zambiri, funso likhale lakuti Locke anganene chiyani za iye, ndipo n'chifukwa chiyani inu mukuona kuti akadali yemweyo. Dzina lake musalitchule.

Musanapereke, dutsani pepala lonse mukuzunguliza mawu oti "munthu", "ine" ndi "yemweyo" paliponse pomwe ali. Paliponse dzifunseni ngati akutanthauza zomwe anatanthauza pa tsamba loyamba. Pomwe tanthauzo lasintha, lembaninso ndime yonseyo.